Mwalowa munda wa malemu ku Zomba: thandizo lodzalira mitengo mungalipeze bwanji?

Boma silikonda kupereka ndalama m'manja mwa mlimi mmodzi kuti akadzale mitengo. Thandizo limadzera m'magulu, ndipo nthawi zambiri limakhala njere, machubu, makheni ndi mawilibala. Ndalama zikakhalapo, zimabwera ngati malipiro a ntchito za mthandizi zoteteza chilengedwe, kapena zimalowa m'thumba la gulu. Choncho ngati mayi anu anali m'gulu ndipo anatisiya, musayese kuti dzina lawo m'kaundula lasanduka lanu. Pamafunika kukalembetsa mwatsopano.

Povuta penipeni ndi pa munda. Kuno mabanja ambiri ndi achikamwini: malo amatsata kuchikazi, ndipo mwinimbumba ndiye ali ndi mawu. Bambo woferedwa akhoza kuloledwa kulima chimanga pamunda wa mkazi wake, koma akangokumba dzenje la mbawa achibale amadzuka, poti kudzala mtengo kumaoneka ngati kunena kuti malo ano ndi anga. Gulu nalo silifuna kutaya mbande pamalo amkangano. Yambani mwakhala pansi ndi mbumba yonse, kenako mupite kwa amfumu limodzi ndi mwinimbumba. Kalata yomwe amfumu angakulembereni ikhale ndi chidindo, dzina la malemu, dzina lanu, malire a munda ndi mboni. Kumene kalembera wa malo wafika, lembetsani mundawo kudzera ku komiti ya malo monga lamulo la 2016 limalolera. Phindu lake nlakuti lamulo la nkhalango la 1997 limapatsa munthu ufulu wokolola mitengo yomwe wadzala pamalo amene ali wololedwa kugwiritsa ntchito.

Kalatayo ndi chiphaso cha unzika pitani nazo kwa wapampando wa komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi (VNRMC) kapena wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), ndipo muonane ndi mlangizi wa nkhalango. Musadikire mvula. Nazale zimayamba cha mu Ogasiti ndi Seputembala, ndiye wobwera mu Disembala amapeza mbande zili ndi eni ake kale. Njere zodalirika zimagulitsidwa ku FRIM, nthambi ya boma yofufuza za nkhalango, mumzinda wa Zomba momuno.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma mbande ya mu Malichi sikhala itazika mizu pofika chilimwe. Dzalani mvula ikakhazikika, pasanathe Januwale. Dzenje likhale masentimita 30 kuya ndi 30 m'lifupi, dothi lapamwamba libwerere pansi losakaniza ndi manyowa, chubu chichotsedwe. Msangu utalikirane mamita 10, zomwe ndi mitengo 100 pa hekitala. Umayoyola masamba nthawi yadzinja, kotero suphimba chimanga. Bulugamu asalowe m'munda wa mbewu, amamwa chinyontho chonse.

Alangizi akamabwera kudzayendera amawerenga mitengo yamoyo, osati maenje. Mbuzi zikamasulidwa mukakolola, tchingirani mbande ndi minga, ndipo lambulani m'malire moto wa osaka mbewa usanayambe.