Ngongole Zikakukwanani, Musathamangire ku Khoti Musanawerenge Mtengo Wake

Mwera ukayamba kuwomba kuno ku Salima, mafunso a pa misonkhano ya magulu amasintha. Maboti amakhala masiku angapo pamtunda, usipa umasowa pa thandala, ndipo amayi oguliza nsomba amabwerera kunyumba ndi mabeseni opanda kanthu. Nthawi imeneyi anthu safunsanso za komwe angapeze mpamba. Amafunsa za momwe angapumire kwa amene adawabwereka mpambawo.

Tsiku lina tili pansi pa mtengo cha ku Senga Bay, bambo wina mwini ukonde wa chilimira adaimika dzanja. "Alangizi," adatero, "ndidamva kuti munthu ngongole zikamukwana amapita kukhoti, khoti n'kulamula kuti asabwezenso. Fomu yake imapezeka kuti?" Anthu adaseka, koma ndidaona kuti ambiri adatchera khutu kudikira yankho.

Chimene bamboyo adamva chilipodi. Pa Chingerezi amati bankruptcy, ndipo kuno kwathu chimayendetsedwa ndi lamulo la Insolvency Act la 2016, limene lidalowa m'malo mwa lamulo lakale la Bankruptcy Act. Tanthauzo lake ndi lakuti khoti lagamula kuti munthuyu wagwa, sangathe kubweza ngongole zake. Mutha kukapempha nokha, kapena amene muli naye ngongole atha kukakupempherani inu musakufuna. Koma si nkhani ya kwa amfumu, si ya kupolisi, ndipo si fomu yongotenga pa Boma n'kusayina. Imamvedwa ndi khoti lalikulu la High Court, ndiye kuti kwa ife a ku Salima ndi ulendo wa ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100, kuphatikizapo zolipira kukhoti ndi loya. Munthu amene akulephera kubweza K300,000 ya banki mkhonde ayambe wadzifunsa ngati ndalama ya maulendo amenewa ali nayo.

Walira mvula walira matope. Khoti likangogamula, katundu wanu amachoka m'manja mwanu n'kupita m'manja mwa mkulu wotchedwa Official Receiver, kapena munthu wina wosankhidwa kuti ayang'anire chuma chanu. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa zimene muli nazo, kugulitsa, n'kugawira eni ngongole monga mwa ndondomeko ya lamulo. Amakusiyirani zofunika pa moyo wa tsiku ndi tsiku, monga zovala, ziwiya za pakhomo ndi zipangizo zina zogwirira ntchito. Koma musadzinamize kuti boti, injini, njinga yamoto ya kabaza, ng'ombe ndi nyumba ya lendi ija ya ku Kamuzu Road zonse zidzatchedwa zipangizo zogwirira ntchito. Zimenezo ndiye zimene eni ngongole akuyang'ana.

Tsono taganizani za moyo wa mawa lake. Muyenera kuulula chilichonse: ndalama za kubanki, za pa foni, anthu amene ali ndi ngongole kwa inu, ngakhale mbuzi zimene mudasungitsa kwa alamu anu ku Khombedza. Kubisa katundu kapena kunama pa nkhaniyi ndi mlandu. Mukakhala pa ntchito ya malipiro, mutha kuuzidwa kuti gawo lina la malipirowo lizipita kwa eni ngongole. Simungangolowa m'banki kukatenga ngongole yatsopano osanena kuti khoti lidakugamulani. Simungakhale dayirekitala wa kampani kufikira khoti litakumasulani. Ndipo kwa inu amene mumalota za ndale, malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti munthu amene adagamulidwa kuti wagwa ndipo sadamasulidwe sangaime pa mpando wa phungu wa Nyumba ya Malamulo.

Izi ndi za m'mabuku. Za pamudzi zimapweteka mwina kuposa apa. Bizinesi ya kunyanja imayenda ndi chikhulupiriro. Mwini sitolo amakupatsani petulo ndi ukonde lero kuti mudzalipire nsomba zikagwidwa. Woguliza wa ku Lilongwe amatumiza ndalama patsogolo chifukwa amadziwa kuti mawu anu ndi amodzi. Mlimi wa mpunga ku Lifuwu amatenga feteleza pa ngongole podalira zokolola. Mbiri ikamveka kuti uje khoti lidamugamula, zitseko zonsezi zimatsekeka mwakachetechete, ndipo mumayamba kugula chilichonse ndi ndalama ya m'manja pa nthawi imene m'manjamo mulibe kanthu. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama nawonso amauzana. Kuchokera pa lamulo la Credit Reference Bureau Act la 2010, pali mabungwe, monga Credit Data CRB, amene amasunga mbiri ya momwe anthu amabwezera ngongole. Dzina likada kumeneko, silimayera tsiku limodzi.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa n'chakuti si ngongole zonse zimene zimafa. Amene mudamupatsa chikole ali ndi mphamvu pa chikolecho. Chindapusa cha khoti, ndalama yothandizira ana imene khoti lidalamula, ndi ngongole imene mudaitenga mwachinyengo, zimenezi zimakutsatiranibe. Komanso wokuimirani sapulumuka. Ngati mchemwali wanu adasayina kuti inu mukalephera adzabweza ndiye, eni ngongole adzagogoda pakhomo pake. M'magulu a amayi amene amatenga ngongole mogwirizana, mmodzi akagwa anzake ndiwo amasonkherana. Ndawaonapo amayi amene adakulira limodzi akusiya kupatsana moni pa chitsime chifukwa cha zimenezi.

Sindikunena kuti lamuloli n'loipa. Kwa munthu amene adali ndi bizinesi yaikulu, ngongole za mamiliyoni kumabanki angapo, masamani akubwera mbali zonse, njira imeneyi imaika zinthu m'ndondomeko. Eni ngongole amasiya kulimbirana katundu ngati akhwangwala, ndipo nthawi ikakwana munthu amamasulidwa n'kuyambanso moyo. Koma ambiri a ife kuno ngongole zathu si zotero. Ndi za banki mkhonde, za SACCO, za katapila, za mwini sitolo, za mlamu. Mankhwala ake ali pafupi, ngakhale kuti ndi owawa.

Yambani ndi kope ndi cholembera. Lembani aliyense amene muli naye ngongole, ndalama imene mudatenga, imene mwabweza kale, chiwongoladzanja chake, tsiku lobweza, ndi chikole ngati chilipo. Chitani zimenezi muli ndi akazi anu kapena amuna anu. Mabanja ambiri amadziwa kukula kwa ngongole tsiku limene anthu abwera kudzazula malata. N'zoona, kukambirana kumeneko kudzakhala ndi phokoso, koma phokoso la m'nyumba limatha.

Mukalemba mudzaona kuti ngongole sizithamanga mofanana. Tiyerekeze kuti mudatenga K200,000 kwa wakatapila, pa mgwirizano wakuti pakutha pa mwezi muwonjezere theka. Mwezi woyamba ndi K300,000. Mukalephera, iye n'kuwerengera theka pa yonseyo, mwezi wachiwiri yafika K450,000, wachitatu K675,000. Miyezi itatu yokha ya mwera, ngongole yakula kuposa katatu, pamene usipa wa m'nyanja sudachuluke katatu. Ngongole yotere ndiyo yoyamba kuithana nayo, pamodzi ndi ija imene chikole chake ndi chinthu chimene chimakudyetsani. Ndipo chonde, lekani kukumba dzenje pofuna kukwirira linzake. Kutenga ku gulu la Lachiwiri kuti mukabweze ku gulu la Lachisanu ndiye njira imene yagwetsa anthu ambiri amene ndimawadziwa. Mayi mmodzi amapezeka ali m'mabanki mkhonde anayi, ndipo ndalama ikungozungulira, kwinaku ikudyedwa ndi chiwongoladzanja pa khomo lililonse.

Kenako pitani nokha kwa eni ngongole, asanakutumizireni uthenga. Kuzimitsa foni ndi kusintha njira ya kumsika kumangowakwiyitsa. Wobwereketsa ndalama aliyense amadziwa kuti bola kulandira pang'onopang'ono kusiyana ndi kuthamangitsana m'makhoti. Muuzeni zoona: "Bambo, pamwezi ndikupeza mwakuti. Ndikachotsa chakudya ndi fizi ya ana, yotsala ndi iyi. Ndikupempha kuti chiwongoladzanja chiime, ndizipereka mwakuti mwezi ndi mwezi." Musalonjeze ndalama imene mukuyembekeza kuti mwina idzapezeka. Lonjezani imene mungapereke ngakhale mwezi woipa. Asodzi muwerengere nyengo imene usodzi umatsekedwa, monga momwe a ku chilumba cha Mbenji amatsekera nthawi ya dzinja chaka ndi chaka. Alimi muwerengere kuti ndalama yanu imabwera kamodzi, mukakolola. Zimene mwagwirizana zilembedwe, pakhale mboni, kaya nyakwawa kaya wapampando wa gulu, ndipo ndalama iliyonse imene mwapereka ikhale ndi lisiti kapena siginecha m'kope. Lamulo la 2016 lija nalonso limapereka mpata woti munthu apangane ndi eni ngongole onse za kabwezedwe popanda kugamulidwa kuti wagwa, ndipo amene ngongole zake ndi zazikulu afunse loya za njira imeneyi asanaganize zina.

Ngati pafunika kugulitsa katundu, gulitsani nokha nthawi ikadalipo. Njinga yamoto imene mungagulitse pa mtengo wabwino mutafunafuna wogula, masherifu akailanda imakagulitsidwa pa okushoni, ndipo ndalama zolipira ntchito yawoyo zimachoka pomwepo. Koma gulitsani poyera, pa mtengo woona, ndalama yake ipite ku ngongole. Zolembetsa boti m'dzina la mphwanu usiku umodzi kuti lioneke ngati si lanu, khoti lili ndi mphamvu yozigwetsa.

Pali zinthu zingapo zimene muyenera kudziwa kuti anthu asakuopsezeni. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kutsekera munthu m'ndende chifukwa chongolephera kukwaniritsa mgwirizano, ndipo ngongole wamba ndi mgwirizano. Zimasiyana ngati mudatenga ndalamayo mwabodza kapena mukunyozera lamulo la khoti. Wokongoza ndalama alibenso ufulu wothyola chitseko chanu n'kutenga katundu amene simudapereke ngati chikole; olanda katundu movomerezeka ndi masherifu, atanyamula chikalata cha khoti, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuchiona. Samani ikabwera musaibise pansi pa mphasa. Pitani pa tsiku lake, chifukwa mukajomba mlandu umagamulidwa inu kulibe, pamene mukapita mutha kupempha woweruza kuti muzibweza pang'onopang'ono. Palinso lamulo la Loans Recovery Act, limene limalola khoti kuunikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake n'chopyola muyeso ndi chankhanza. Amene alibe ndalama ya loya akafunse ku Legal Aid Bureau, ndipo amene dandaulo lake likukhudza banki kapena bungwe lobwereketsa ndalama lovomerezeka atha kukalitula ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabungwe amenewa.

Ndikudziwa kuti si onse adagwa chifukwa cha kusasamala. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa petulo, maukonde ndi zitsulo za injini udakwera, pamene ngongole zimene anthu adatenga kale zinkadikirabe tsiku lake. Choncho manyazi asakutsekereni m'nyumba. Koma ndaonanso kuti mpamba wambiri umathera m'thumba limodzi ndi ndalama ya ndiwo. Pamene mukubweza, ndalama ya bizinesi ikhale payokha, ya pakhomo payokha, ndipo mudzipatse malipiro odziwika pa sabata ngati momwe mumalipirira alovi anu, antchito a m'boti aja.

Bambo wa chilimira uja adabweranso patapita sabata ziwiri, kope lili m'manja. Titawerengera limodzi tidapeza kuti ali ndi ngongole kwa anthu asanu ndi awiri, ndipo yoposa theka idali ya wakatapila mmodzi. Adagulitsa injini yake yachiwiri imene inkangokhala m'nyumba, n'kutseka ya katapilayo. Enawo adagwirizana nawo pamaso pa nyakwawa kuti azipereka mwezi ndi mwezi, kupatula miyezi ya mwera imene azipereka theka. Pamene ndikulemba pano watsala ndi anthu atatu, ndipo boti lake likadalowabe m'madzi.