Momwe mungalembere summary osataya malikisi pa MSCE

Chingerezi ndi phunziro limene wophunzira wa Fomu 4 sangalizembe. Mukalephera, satifiketi ya MSCE simuiona, ngakhale masamu ndi sayansi mutakhoza bwino chotani. Gawo limene limavutitsa ana athu ambiri m'ma CDSS kuno ku Nkhotakota ndi la comprehension ndi summary, ndipo ndimamva chisoni chifukwa malikisi ake ndi osavuta kutola munthu akadziwa kuwerenga ndi cholinga.

Yambani ndi funso musanawerenge nkhani imene mwapatsidwa kuti muifupikitse. Funso ndi limene likuuzeni chimene mukufunafuna: zifukwa, zotsatira, mavuto kapena njira zothetsera. Kenako werengani nkhani yonse kamodzi mwachangu, osaima pa mawu ovuta. Ulendo wachiwiri werengani pang'onopang'ono, pensulo ili m'manja, mukudula mzere pansi pa zokhazo zimene zikuyankha funso.

Apa mpamene pagona ntchito yonse. Tinene kuti nkhani ikukamba za njovu pafupifupi 500 zimene a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks anasamutsa kuchokera ku Liwonde ndi Majete kubwera nazo ku Nkhotakota Wildlife Reserve mu 2016 ndi 2017, ndipo funso likuti mufotokoze chifukwa chake anazisamutsa. Wolemba akhoza kutha ndime ziwiri akufotokoza za helikopita, jakisoni wogonetsa njovu ndi zimagalimoto zimene zinazinyamula. Ndi zosangalatsa, koma funso silikufuna zimenezo. Mfundo zanu ndi ziwiri: ku Liwonde ndi Majete njovu zinachulukitsa mpaka kumawononga mitengo ndi mbewu za anthu, pamene kuno zinali zitatsala pang'ono kutha chifukwa cha opha nyama mozemba. Zili ngati kupeta mpunga: mankhusu amaoneka ambiri m'lichero, koma si amene amapita mumphika.

Mawu ena amakuthandizani kupetako. Mukaona "for example", "such as" kapena "for instance", dziwani kuti chikubwera ndi chitsanzo, ndipo zitsanzo sizilowa mu summary. Mukaona "because", "therefore", "as a result" kapena "however", tcherani khutu, mfundo ili pafupi. Wolemba akabwereza ganizo limodzi m'mawu ena, litengeni kamodzi basi.

Tsopano lembani mfundo zija papepala lapadera, iliyonse m'mawu ochepa, kenako phimbani nkhaniyo ndi dzanja. Mukamalemba mukuyang'ana, dzanja limangokopera lokha ziganizo za eni ake, ndipo wochonga amazindikira msanga. Lumikizani mfundozo kuti zikhale ndime imodzi ya ziganizo zathunthu. Mndandanda wa manambala ndi mawu ofupikitsa zisungireni funso la note-making (kulemba manotsi), chifukwa kumeneko ndi kumene zimafunika.

Mukatha, dulani mafuta. Ana ambiri amaganiza kuti Chingerezi chachitali ndiye chanzeru, choncho amalemba "due to the fact that" pamene "because" akanakwanira, kapena "at this point in time" m'malo mwa "now". Chiganizo chonga "the elephants were very many in number" chimangofunika "the elephants were too many". Musawonjezere maganizo anu, ngakhale mutakhala kuti njovuzo munazionapo ndi maso ku mtsinje wa Bua. Pomaliza werengani mawu anu limodzilimodzi kuti musapyole malire amene funso lapereka, ndipo onetsetsani kuti nthawi ya verebu sinasinthe pakati pa ndime.

Poyeserera simufunika buku lodula. Nkhani imodzi ya mu The Nation kapena The Daily Times, ngakhale ya mwezi watha, ndi yokwanira. Inu ndi mnzanu ifupikitseni aliyense payekha mpaka mawu 60, kenako musinthane mapepala. Pamene mwasiyana, bwererani ku nkhaniyo, ndipo aliyense aloze chiganizo chimene watengapo mfundo yake. Mfundo imene mwini wake sangathe kuiloza ifufutidwe.