Momwe mungazindikirire alowam'malo a Chingerezi ndi mitundu ina ya mawu

Pa mayeso a Chingerezi sipalephera kubwera funso loti mutchule mtundu wa mawu otsekedwa mzere kunsi. Ophunzira ambiri amagwa pamenepa chifukwa cha kuloweza. Amaloweza kuti "that" ndi mlowam'malo, ndiye akamuona paliponse amalemba zomwezo. Koma mtundu wa mawu umadalira ntchito imene akugwira m'chiganizo chimenecho. Ndipo poti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, malikisi amenewa si oseweretsa.

Choyamba, werengani chiganizo chonse, osati mawu otsekedwa mzere okha, ndipo pezani mneni. Mu "Water the beans every morning", "water" ndi mneni chifukwa akukulamulani kuthirira nyemba. Mu "The water is cold", mawu omwewo ndi dzina.

Chachiwiri, mukapeza mneni funsani kuti wochita ndani, wochitiridwa ndani. Wochita amatenga "I", "he", "she", "we" kapena "they". Wochitiridwa, komanso mawu obwera pambuyo pa mperekezi, amatenga "me", "him", "her", "us" kapena "them". "You" ndi "it" sasintha. Vuto limabwera anthu akakhala awiri. Mukakayikira pa "Tadala and me went to Limbe", mchotseni Tadalayo. Chotsala ndi "me went to Limbe", ndipo khutu lokha likuuzani kuti pakufunika "I". Ena pofuna kumveka ophunzira amanena kuti "between you and I", koma ndi kulakwa, pakuti "between" ndi mperekezi ndipo amafuna "me".

Samalaninso ndi "he" ndi "she". Ife timangoti iye, kaya ndi mwamuna kaya mkazi, ndipo chizolowezichi chimatitsatira polemba. Mukalemba kuti "My mother said he is coming", wochonga aganiza kuti kukubwera bambo wina, pamene inu mumanena mayi anu omwewo.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pali malikisi ambiri, yang'anani mawu otsatira. Mawu monga "this", "that", "these", "those", "some", "each", "his" ndi "her" amagwira ntchito ziwiri. Akatsamira dzina ndi afotokozi, akaima okha ndi alowam'malo. Mu "I called her", "her" walowa m'malo mwa dzina la munthu. Mu "Her phone is off", akufotokoza foniyo kuti ndi ya yani. "Mine", "yours", "hers", "ours" ndi "theirs" amaima okha, ndipo salembedwa ndi kachizindikiro kam'mwamba kaja (') kotchedwa "apostrophe".

"That" ndiye kamberembere weniweni. Taonani ziganizo izi:

"That goat is ours." Apa watsamira mbuzi, ndi mfotokozi.
"That is our goat." Waima yekha, ndi mlowam'malo.
"The goat that ate the maize is ours." Ndi mlowam'malobe, akuimira mbuziyo kwinaku akulumikiza ziganizo.
"She said that the bus had left." Apa sakuimira chilichonse, ndi mlumikizi.

Kuti musiyanitse ziwiri zomalizazo, ikani "which" pamalo pa "that". Chiganizo cha mbuzi chimvekabe bwino, cha basi chisokonekera. Pamene "which" wakwana, lembani mlowam'malo.

Chachinayi, musakhulupirire kwambiri mchira wa "-ly". N'zoona kuti "slowly" ndi "quickly" ndi aonjezi, koma "friendly" ndi "lovely" ndi afotokozi. Ndiponso mu "He runs fast", "fast" ndi muonjezi wopanda mchirawo. Funsani chabe kuti mawuwo akunena za dzina kapena za mneni.

Potsiriza, musanapereke pepala, fufuzani "its" ndi "it's". Werengani "it's" aliyense ngati "it is" kapena "it has". "It's raining" imveka bwino. "The dog wagged it's tail" isanduka "it is tail", ndiye fufutani kachizindikiroko mulembe "its".