Akakuzunzani kuchipatala cha boma, dandaulo lanu mukalitule kuti?

Mwezi wathawu ndinaperekeza azakhali anga kukatenga mankhwala a BP pa kachipatala kena ka boma konkuno ku Thyolo, dzina sinditchula. Tinaima pamzere kuyambira 6 koloko, kufika pawindo akuuzidwa kuti mankhwala atha koma mukapereka ya fanta tikhoza kukuonerani. Azakhali anayamba kumasula mfundo ya pachitenje, ndalama yomwe anasunga ya kabaza pobwerera. Ndinawagwira dzanja, iwo nkundinong'oneza kuti mwanawe usayambitse, mwezi wamawa ndibweranso pompano andizindikira. Mantha amenewo ndimawamvetsa, koma ndi omwe akutipweteka, nde ndati ndilembe njira zake anthu azidziwa.

Thandizo la kuchipatala cha boma ndi laulere, kuonana ndi adokotala, mankhwala, kuchira kwa amayi, ma ARV, palibe cholipira. Zipatala za mishoni ngati Malamulo ku Makwasa kapena Mulanje Mission ndi za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ndipo zimalipiritsa, komabe zambiri za CHAM zili ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi ana aang'ono azithandizidwa ulere, nde funsani ku ofesi kuti mgwirizanowo ukukhudza ziti, ndipo mukalipira chilichonse musachoke opanda lisiti.

Pomwe ambiri timagwera ndi pa umboni. Munthu akwiya, alalata pamsika, alemba pa Facebook, koma kumufunsa kuti linali tsiku lanji sakukumbukira. Tsiku lomwelo lembani deti, nthawi, chipinda chake, mawu enieni omwe anayankhula, dzina lake ngati mukulidziwa kapena maonekedwe ake, ndi wina yemwe anali pamzere akumva. Kabuku ka kuchipatala kaja ndi kanu, musakasiye mmanja mwa munthu, ndipo mujambule pa foni tsamba lomwe alembapo tsiku limenelo chifukwa masamba amatha kuthothoka nkhani ikakula.

Kenako yambani pafupi. Pachipatala chilichonse pali in-charge, muuzeni modekha. Akapanda kumva pali komiti ya pachipatala, anthu a mmidzi momwemo osankhidwa kuti aziyang'anira zochitika ngakhale kubwera kwa mankhwala, afunseni alangizi a zaumoyo kapena amfumu akuuzani kuti wapampando ndi ndani. Njira iyi ndimaikonda chifukwa dandaulo limapita m'dzina la komiti, osati la gogo mmodzi woti mawa amuloze chala. Zikakanika pitani pa boma, ku Thyolo kapena ku Mulanje, mukafunse hospital ombudsman, munthu yemwe ntchito yake ndi yolandira madandaulo a odwala, komanso ofesi ya DHO, yoyang'anira zaumoyo m'boma lonselo, ili pompo. Kalata mulembe mChichewa chomwechi, zikhale ziwiri, imodzi akudindireni mubwerere nayo. Ndipo ichi gwirani, gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limati ofesi ya boma ikapanga chiganizo chokhudza ufulu wanu muli ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zake polemba. Akakukanizani ambulansi kapena kalata yokutumizani ku Kwinzi, nenani mwaulemu kuti bambo kapena mayi, ndilembereni chifukwa chake. Mawu amenewa okha amasintha nkhope ya munthu.

Akakuyankhani zosamveka kapena kungoti zii, apilo yake ndi ku ofesi ya Ombudsman wamkulu, ku Blantyre iliko, ndipo salipiritsa. Musaganize kuti za mzipatala sazilowa, mu 2019 nthawi ya mayi Martha Chizuma ofesiyi inafufuza nkhani ya amayi omwe ankachotsedwa chiberekero mzipatala za boma chifukwa cha kusasamala nkutulutsa lipoti dziko lonse linamva. Chigamulo cha Ombudsman chikapanda kukukhutitsani malamulo amalola kuti High Court ichiunikenso.

Nkhani zina zili ndi khomo lakelake. Ngati walakwitsa ndi dokotala kapena clinical officer ndi ku Medical Council of Malawi, akakhala nesi kapena mzamba ndi ku Nurses and Midwives Council, amenewa ndi omwe amapereka ziphaso ndipo amatha kulanda. Za ya fanta zija ndi katangale, ku ACB. Wina akaulula kuti muli ndi HIV popanda chilolezo chanu kapena kukusalani, pali lamulo la HIV lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, ndipo a Malawi Human Rights Commission amalandira zoterezi. Ngati munthu walumala kapena wamwalira ndipo mukufuna chipepeso, imeneyo ndi ya kukhothi, loya mulibe pitani ku Legal Aid Bureau amathandiza osowa, koma chonde musadikire zaka poti tidikire malume abwere ku Joni, milandu yotere ili ndi malire a nthawi ndipo ikadutsa khothi limaikana.

Ya azakhali sinafike kutali konseko. Tinapita kwa wapampando wa komiti madzulo omwewo, anatilandira pakhonde akusenda chinangwa, anamvetsera nkulemba mu kope lake lakuda, anati aka sikoyamba kumva za windo limenelo. Mwezi uno azakhali apita okha, abwera ndi mankhwala awo, ndalama ya kabaza ili pamfundo pomwepo. Akadali ndi mantha pang'ono, koma andiuza kuti ndiwagulire bolopeni yoti izikhala mkati mwa kabuku.