Kukonza malambe oti ufa wake ukagulitsidwe kunja

M'madera otentha a chigawo cha Tete ku Mozambique, monga ku Changara, Moatize, Chiúta ndi Mágoè, mlambe uli paliponse, ndipo kale malambe anali ongotsopa ana ndi kukoleretsa phala. Chiyambire 2008, pamene bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Union linavomereza kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa ngati chakudya m'mayiko ake, ogula amafika mpaka kumidzi. Koma ufa wopita ku Ulaya umapimidwa chinyezi, chuku, utsi ndi mankhwala ophera tizilombo, ndipo zambiri zimene zimakanitsa katundu zimachitikira pansi pa mtengo ndi m'nyumba yosungira, galimoto isanabwere n'komwe.

Yambani ndi kudekha. Mlambe umachita maluwa mvula ikamayandikira, cha mu Okutobala mpaka Disembala, ndipo zipatso zimakhwima patapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Kukolola kwenikweni ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Malambe amauma okha ali mumtengo, ndiye musawathamangire. Tengani chipatso muchigwedeze pafupi ndi khutu: chouma chimapepuka ndipo mumamva zam'kati zikugwedera. Chimene chili chete, cholemera, chobiriwira, n'chachiwisi. Mukachiswa ufa wake umamata m'manja, ndipo ngakhale muuyanike bwanji sufanana ndi woumira mumtengo.

Gwetsani ndi nsungwi yaitali yomangirira ngowe kunsonga. Osagenda ndi miyala, chifukwa chigoba chikang'aluka pang'ono chabe fumbi ndi nyerere zalowa kale. Osakhoma zikhomo m'thunthu kuti mukwere. Mabalawo amawoletsa mtengo, ndipo kugwa kuchokera mumlambe kumapha. Ogwa okha tolani, koma aliyense mumutembenuze. Wobooledwa ndi chiswe, wong'aluka, wolumidwa ndi anyani, wokhala ndi madontho akuda kapena wogwera pandowe musaike m'thumba la malonda.

Za matumba ndi malo osungira ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Thumba limene munali feteleza, thonje, fodya kapena chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe silifunika ngakhale mulichape katatu. Makina a ogula amapeza kadontho ka mankhwala kamene mphuno singamve, ndipo thumba limodzi lotero likhoza kukanitsa katundu wa kalabu yonse. Gwiritsani ntchito matumba atsopano a malambe okhaokha. Sanjani pathandala lotalika ngati kufika m'bondo, kutali ndi khoma, pansi pa denga losadontha ndi podutsa mphepo. Kukhitchini ayi. Utsi umalowerera mu ufa n'kusiya fungo ndi zinthu zimene malamulo a zakudya a kunja salola. M'chipinda chimene anapoperamo mankhwala a udzudzu musasungiremonso.

Ngati wogula akufuna malambe osaswa, ntchito yanu yathera pamenepo, ndipo n'kwabwino chifukwa chigoba ndi chosungira chimene palibe thumba lingapose. Ngati akufuna oswa, yambani mwapala ubweya wa pachigoba ndi burashi yolimba, kunja, mphepo ikuchokera kumsana kwanu. Ubweyawo umayabwa ndipo ukagwera mu ufa suchokanso. Yalani lona woyera, sambani m'manja ndi sopo, mangani duku kapena valani chipewa, nkhuku ndi mbuzi zikhale kutali. Iswani ndi chibonga cha mtengo wouma. Zam'kati zikhale zoyera mopita ku chikasu pang'ono. Zofiirira, zonunkha chuku kapena zokhala ndi mphutsi tayani zonse, osasankhamo. Chotsani ulusi wofiira ndi manja.

Polekanitsa ufa ndi njere, sinjani mumtondo wouma umene sunasinjiremo mtedza kapena tsabola. Munsi uzingokhudza, osati mwamphamvu ngati mukukonola chimanga, chifukwa njere ikasweka imadetsa ufa ndi kuuwawitsa. Sefani kawiri, koyamba ndi sefa wa maso aakulu, kenaka wosalala. Madzi asayandikire pena paliponse. Finyani ufa m'dzanja: wouma bwino umamwazika mukatambasula, wachinyezi umatsala chibuma. Ikani msanga m'pulasitiki wa zakudya, mangani zolimba, sungani pamthunzi, popeza dzuwa ndi mpweya zimachepetsa vitamini C amene ogulawo akulipirira. Dziwaninso masamu ake musanagwirizane mtengo: pafupifupi theka la kulemera kwa chipatso ndi chigoba, ndipo pa makilogalamu 10 a malambe osaswa ufa sukwana makilogalamu 2. Mametikali a kilo ya ufa asafanane ndi a kilo ya malambe oswa okhala ndi njere. Njerezo musataye, zimayengedwa mafuta odzola.

Lembani pathumba lililonse mudzi, tsiku ndi kulemera kwake. Ogula a kunja amafuna kudziwa kumene katundu wachokera, ndipo kalabu yokhala ndi kope lolembedwa bwino imakambirana mtengo ili ndi mphamvu.

Chodetsa nkhawa ndi chakuti m'midzi yambiri mukuoneka milambe ikuluikulu yokha. Ing'onoing'ono imadyedwa ndi mbuzi ndi ng'ombe kapena kupsa ndi moto wolusa. Gwirizanani ndi amfumu kuti zipatso za kunsonga zizisiyidwa, nyama zidye n'kumwaza njere. Luzi sendani mbali imodzi yokha, osazunguliza thunthu. Pofesa, palani khungu la njere ndi tupa mpaka poyera pangoonekera, viikani m'madzi usiku umodzi, kenaka bzalani m'machubu. Wokani mvula ikakhazikika, ndipo mbande iliyonse itchingidwe ndi minga mpaka italike kupitirira pamene mbuzi ingafike itaima ndi miyendo iwiri.