Momwe mungapezere anthu osiyanasiyana m'gulu lanu lopanga mavidiyo

Magulu ambiri opanga mavidiyo ndi zotsatsa malonda pa intaneti amayamba ndi anyamata anayi omwe anaphunzira limodzi, onse a m'tauni, maganizo awonso ofanana. Komatu kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumudzi, ndipo akazi ndiwo ochuluka. Mudzawafika bwanji pamtima ngati m'gulu mwanu mulibe ndi mmodzi yemwe wa iwo?

Choyamba, lekani kufunsa digiri. Aliyense wofuna ntchito atumize pa WhatsApp kavidiyo ka mphindi imodzi, kojambula pa foni n'kukonza ndi pulogalamu yokonzera mavidiyo ya CapCut. Mutu ukhale umodzi, monga "m'mawa kumsika". Apa ndi pomwe diso la munthu limaonekera. Mtsikana amene amathandiza mayi ake kugulitsa tomato ku Lizulu adzajambula manja akuunjika milu, ndi kandalama komangidwa kunsonga ya chitenje. Wokulira kumpanda sangaziganize n'komwe zimenezo.

Chachiwiri, uthenga wa ntchito usathere pa Facebook. Ufikitseni kumalo othandiza achinyamata pa zaukadaulo ndi bizinesi monga mHub ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub, kumakoleji a ntchito zamanja, komanso kumabungwe a anthu aulumali monga FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe amenewa, ndi MANAD, bungwe la anthu osamva. Za anthu osamvazi ndimazitenga ndi mtima wonse. Ambirife timaonera mavidiyo mu minibasi foni ili chete, kuopa kusokoneza anzathu. Wosamva akakhala pa kompyuta amazindikira msanga kuti nkhani siikumveka popanda phokoso, amaika mawu olembedwa m'munsi, amasankha nkhope yomwe ikulankhula yokha. Luso lotere mungaligule kuti?

Chachitatu, mukawapeza, asamale. Kujambula kukamatha 10 koloko usiku popanda galimoto yowatula, akazi amasiya, kenako anthu n'kumati alibe chidwi. Malizani dzuwa lisanalowe, kapena lipirani thiransipoti. Wa kutali mutumizireni ya bandulo pa Airtel Money kapena Mpamba, azigwira ali kwawo. Ndipo chonde, mtsikana mupatseni kamera, osati ntchito yophoda anthu ndi kugula chakudya basi.

Pokambirana, woyamba kulankhula akhale wamng'ono kapena watsopano, chifukwa bwana akayamba onse amangovomera. Vidiyo ya Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena ilembedwe ndi mwini chiyankhulocho kuyambira pachiyambi, osati kumupatsa ya Chichewa kuti amasulire.

Chomaliza, lemberanani mgwirizano kamera isanayake: ndani alandira zingati, liti, ndipo mwini wa ntchitoyo ndani. Dzina la aliyense lioneke kumapeto kwa vidiyo, ngakhale amene anangogwira maikolofoni, poti ndi dzinalo adzapezere ntchito ina. Ngati mwapeka nyimbo, woipekayo akailembetse m'dzina lake ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso.