Kathililidwe ka Maluwa a Kana: Malangizo kwa Wogula

Maluwa mwagulawa ndi a kana, amene m'mabuku a zomela amalembedwa kuti Canna. Kwao kwenikweni ndi kumadela otentha a ku America, koma anazolowela kuno kwathu, moti mumawaona m'mbali mwa mipanda ku Lusaka, ku Chipata ngakhale ku Kitwe, ena ofiila, ena acikasu. Sabzalidwa caka ndi caka. Cimene cili m'thumbamu ndi tsinde la pansi lonenepa ngati jinja, limene m'pepala lino tikulicha cimuzu, ndipo likagwila limaphuka lokha kwa zaka zambili. Kana amakonda dothi lonyowa, koma si nthawi zonse pamene amafuna madzi ofanana.

Cimuzu cisanaphuke

Kwililani cimuzu masentimita 8 mpaka 10 pansi, maso ake atayang'ana kumwamba, pamalo owomba dzuwa maola 6 kapena kuposa. Siyani mpata wa theka la mita pakati pa cina ndi cinzake, ndipo dothi mulisakanize ndi manyowa oola bwino. Thililani mokwanila tsiku lobzala, kenako gwilani dzanja.

Apa ndi pamene ambili amataya ndalama zao. Akamva kuti duwali limakonda madzi, amathila m'mawa ndi madzulo, pamene cimuzu cilibe tsamba ngakhale limodzi lokoka madziwo. Cimaola. Mukafukula mumacipeza cafewa ngati mbatata yophika, cikununkha. Conde, nsonga zisanatuluke, zimene zimatenga milungu iwili kapena itatu kukakhala kofunda, muzithila pokhapokha dothi la pamwamba likauma.

Masamba akatambasuka

Tsopano ludzu layamba. Masamba a kana ndi aakulu ngati a nthoci yaing'ono, ndipo amataya madzi ambili dzuwa likakwela. Malo otalika mita imodzi, m'lifupi mita imodzi, amafuna malita 25 pa mlungu, kapena tinene kuti cigubu ca malita 20 ndi kotala yake. Muyezo umenewu ndi wofanana ndi mvula ya mamilimita 25. Agaweni pawili pa mlungu.

Kuwaza pang'ono tsiku lililonse n'kudzinamiza. Pamwamba pamaoneka ponyowa koma pansi pali gwa, ndiye mizu imakwela kudzafuna madzi pamwamba pamene dzuwa limaiwamba. Umbani kamzele ka dothi kozungulila phata lililonse ngati beseni, thilani pang'onopang'ono, dikilani alowe, thilaninso. Ngati muli ndi paipi, itseguleni pang'ono n'kuigoneka patsinde, osati kupopela ngati mukutsuka galimoto. Masamba akamakhala onyowa amagwidwa ndi matenda a dzimbili, timadontho tofiilila kunsi kwa tsamba tosiya ufa pacala mukakhudza. Masamba otelo aduleni, muwataye kutali, asalowe m'dzenje la manyowa.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanatenthe. Kumene madzi a pampopi amabwela madzulo cabe, thilani madzulo omwewo, koma pansi pokha.

Muyezo wa malita uja ndi poyambila cabe, woweluza weniweni ndi cala canu. Cilowetseni m'dothi mpaka pamfundo yaciwili. Cikatuluka cozizila, dothi litakakamila, siyani mpaka mawa. Cikatuluka ndi fumbi, tungani madzi. Dothi la mcenga ngati la ku Mongu limamwa n'kuiwala, motelo kumeneko thilani kawilikawili ndipo manyowa acuruke. Katondo amasunga cinyontho masiku angapo. Dothi lakuda la kudambo limasunga koposa, koma likauma limang'ambika ming'alu, madzi n'kumangothamangila m'ming'alumo osanyowetsa mizu, conco musalilole kufika pamenepo.

Kutsata nyengo

M'dzinja, kuyambila Novembala mpaka Malici kapena Epulo, mvula imakugwililani nchito. Ikadula kwa mlungu wathunthu, thilani. Yang'anani makamaka maluwa amene ali pansi pa denga la khonde kapena pafupi ndi cipupa, cifukwa mvula imawalambalala eni ake akuganiza kuti akumwa.

Juni ndi Julayi kana amapuma. Masamba ena amasanduka acikasu, ndipo kumalo otsika kumene cisanu cimagwa usiku amapsa ndithu. Musacite mantha n'kuonjezela madzi, pakuti dothi lozizila ndi lonyowa ndilo limaoletsa cimuzu. Kamodzi pa mlungu kapena pa masiku 10 n'kokwanila. Dulani zouma, cimuzu cili moyo pansi.

Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi yovuta. Wilikizani muyezo uja kawili, ndipo kumalo otentha kwambili ngati Livingstone, Siavonga ndi kucigwa ca Luangwa mungafunike kuthila tsiku lililonse. Phimbilani dothi ndi udzu wouma, masamba kapena makoko a nshawa, kukhuthala kwake masentimita 5 mpaka 8, osagunda tsinde. Ciswe cidzadyako, ndi mmene cilili, inu muzingoonjezela. Masamba akapinda masana koma n'kutambasuka madzulo, ndi kutentha cabe. Akakhala opinda mpaka m'mawa, m'mphepete mwake mukuuma, ndiye kuti ludzu lafika pamizu, ndipo maluwa adzacepa.

Za m'miphika ndi madzi ogwilitsa kale nchito

Kana wa mumphika kapena m'cidebe amauma msanga kuposa wa pansi. Cidebe cikhale ca malita 20 kapena kuposa, coboola kunsi. Thilani mpaka madzi atulukile pansi. M'cilimwe mungaike mbale kunsi kwake kuti izisunga madzi pang'ono, koma muziikhuthula ndi kuitsuka pakapita masiku atatu kapena anayi. Kukatentha udzudzu umakula kucokela ku dzila m'masiku ocepa kuposa milungu iwili, ndipo sitikufuna kuti duwa likubweletseleni malungo pakhomo.

Madzi a m'zitsime zambili za ku Lusaka amadutsa m'miyala ya laimu, n'cifukwa cake ketulo imacita zoyela m'kati. Zoyela zomwezo mudzaziona pamlomo wa mphika. Zipaleni, ndipo nthawi ndi nthawi thilani madzi ambili kuti atsuke dothi. A mvula otunga padenga ndi abwino koposa.

Madzi osambila ndi otsukuluzila zovala kana amawalandila, ndipo m'caka ca cilala ngati 2024 amapulumutsa dimba. Musathile okhala ndi Jik, a mcele, otentha, kapena otsukila mapoto a mafuta. Muzisinthanitsa ndi madzi oyela kuti sopo asaunjikane pamalo amodzi.

Tsinde lililonse likamaliza maluwa ake onse silimasulanso, conco lidulileni pansi kuti madzi apite ku mphukila zatsopano. Pakapita zaka ziwili kapena zitatu phata limathithikana, madzi osalowanso pakati. Likumbeni cakumapeto kwa Ogasiti, gawani cimuzu ndi mpeni wakuthwa, cidutswa ciliconse cikhale ndi maso awili kapena atatu. Zidutswazo zigone pamthunzi tsiku limodzi kuti mabala aume, ndipo mukazibzala muzithilile monga tanenela poyamba paja, kamodzi kenako n'kudikila nsonga.